Chammwamba ndi malambe: kodi zimathandizadi wochira?

Munthu akatuluka m'chipatala atadwala malungo kapena chifuwa chachikulu, abale amakonda kumuthirira ufa wa chammwamba m'phala kapena kumupatsa madzi a malambe kuti mphamvu zibwerere. Umboni wa sayansi ukuonetsa kuti zomerazi zimathandiza ngati chakudya, osati ngati mankhwala ochiza nthenda.

Chammwamba, chomwe akatswiri amachitcha Moringa oleifera, chinachokera ku India. Masamba ake ali ndi zomanga thupi, ayironi, kashiamu ndi vitamini A. Malambe ali ndi vitamini C wochuluka, amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'ndiwo zamasamba. Motero zakudyazi zingapindulitse munthu amene magazi anachepa podwala. Koma zoti chammwamba chimachiza shuga kapena kuthamanga kwa magazi zatsamira pa kafukufuku wochitika pa nyama ndi pa anthu ochepa.

Ngakhale chitsamba chokhala ndi mankhwala enieni chimafuna mlingo woyesedwa. Mu 1972, Tu Youyou wa ku China ndi anzake anapeza artemisinin m'chitsamba cha Artemisia annua, ndipo ndiye gwero la mbali imodzi ya mankhwala a malungo a LA. Komabe mu 2019 bungwe la WHO linati silivomereza tiyi wa masamba ake, chifukwa mphamvu yake imasinthasintha ndipo tizilombo ta malungo tingayambe kupirira mankhwalawo.

Choncho wochira amalize mankhwala onse a kuchipatala, zomerazi zikhale zowonjezera pa chakudya. Amene akumwa ma ARV afunse kaye dokotala, popeza zitsamba zina, monga St John's wort, zimafooketsa mankhwalawa.