Mbiri ya Matenda a Huntington ndi Chibwibwi cha mu DNA

Matenda a Huntington ndi nthenda ya ubongo yotengera kumtundu. Kawirikawiri imayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 30 ndi 50. Manja, miyendo ndi nkhope zimagwedezeka zokha ngati akuvina, khalidwe limasintha, nzeru zimazilala pang'onopang'ono. Kholo likakhala nayo, mwana aliyense angathe kuitengera kapena ayi, ndipo mipata iwiriyi ndi yofanana.

Dzinali linachokera kwa George Huntington, dokotala wa ku America amene mu 1872 analemba za mabanja ena a ku East Hampton, pa chilumba cha Long Island. Bambo ake ndi agogo ake analinso madokotala kumeneko, choncho anali ndi mbiri ya mabanjawo kuyambira kalekale. Komabe gwero la nthendayi linabisika zaka zoposa 100.

Njira inatseguka m'midzi ya asodzi ya m'mbali mwa nyanja ya Maracaibo ku Venezuela, kumene nthendayi inali yofala kwambiri. Nancy Wexler, amene mayi ake anafa nayo, anatsogolera gulu lotenga magazi ndi kulemba mibadwo ya anthu kumeneko. Mu 1983 James Gusella ndi anzake anapeza kuti vuto lili pa chromosome 4, ndipo mu 1993 jini yeniyeni yoyambitsa nthendayi inadziwika.

Zimene anapeza zinali zazing'ono modabwitsa. DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi, A, C, G ndi T, ndipo mu jiniyi zilembo za CAG zimabwerezedwa motsatizana, monga amachitira wachibwibwi. Kwa anthu ambiri kubwerezaku sikupitirira ka 26. Kukafika ka 40 kapena kupitirira, puloteni yotchedwa huntingtin imapangika yolakwika n'kumapha maselo a ubongo. Kubwereza kukachuluka, nthenda imayamba msanga, ndipo kumakonda kuwonjezeka jini ikadzera mwa bambo.

Kwa nthawi yaitali ambiri ankayesa kuti Huntington ndi nthenda ya azungu okha, koma kumeneko kunali kulakwitsa. Mu 2001 Russell Margolis ndi anzake a ku Johns Hopkins anafotokoza nthenda ina yofanana nayo, HDL2, yochokera ku kubwereza kwa mu jini ya JPH3 pa chromosome 16. Pafupifupi onse opezeka nayo makolo awo ndi a ku Africa, ndipo kafukufuku wa Amanda Krause ku Johannesburg anaipeza mwa odwala ambiri akuda a ku South Africa. Nthenda ziwirizi zilibe mankhwala ochiritsa; amene alipo amangochepetsa kugwedezeka ndi kuvutika maganizo.