Galu wamkota sakandila pacabe

Ife amene tinakulila mu Lusaka kapena mu Chipata timadziŵa galu, kapena kuti imbwa, ngati cinthu cokhala kuseli kwa geti. Koma funsani ambuye anu amene anacokela kwa Nyampande ku Petauke, kapena ku midzi ya ku Nyimba. Adzakuuzani kuti kumeneko galu anali wanchito, ndipo nchito yake inali kubweletsa ndiwo.

Kale Ansenga anali kusaka ndi agalu, mikondo, mauta ndi maukonde. M'cilimwe, udzu ukapsa, amuna a m'mudzi anali kupita ku uzimba. Agalu ndiwo anali kutsogola, kununkhiza mapazi a insa, kuvumbulutsa akalulu ndi kutsekeleza nguluwe mpaka mwini mkondo afike. M'dzinja galu yemweyo anali kugona ku munda kupitikitsa anyani. Malipilo ake anali matumbo a nyama ndi nsima yotsala. Ngakhale dzina lake linali pa nchito. Munthu akatopa ndi miseche ya anansi, anali kucha galu wake dzina monga Adzatopa, ndipo akamuitana mokuwa, uthenga wafika.

Nchito imeneyi inali kudya thupi. Mano a nguluwe anali kung'amba mimba, minga inali kulasa maso, nkhupakupa zinali kuyamwa magazi. Ku cigwa ca Luangwa kuli nchenche za tsetse, ndipo matenda amene zimafalitsa amaondetsa galu, kumucotsa mphamvu, nthawi zina kucititsa maso ake kuyela ngati utsi. Galu akafika pamenepo analibe penshoni. Pa makomo ena anali kumusiya agone pafupi ndi moto, ana n'kumamuponyela cakudya. Pa makomo ena anali kungosoŵa, ndipo palibe anali kufunsa.

Atsamunda anasintha nkhani yonse. Mu 1938 boma la Northern Rhodesia linapatula malo aakulu m'cigwa ca Luangwa kuti akhale osungilako nyama, ndipo mu 1972 South Luangwa inakhala National Park. Madela oyandikana ndi mapaki, monga Sandwe ndi West Petauke, anakhala malo amene kusaka kumafuna laisensi. Uzimba unasanduka mlandu. Mlenje amene anali kulemekezedwa anayamba kuchedwa wakuba nyama, ndipo galu wake anakhala umboni womutsutsa. Kuyambila mu 2003 bungwe la COMACO, limene ligwilanso nchito ku Nyimba, lakhala likulandila mfuti ndi mawaya a misampha kwa alenje amene asankha ulimi. Mfuti ungapeleke. Nanga galu amene adziŵa kusaka cabe, ungamupeleke kuti?

Manje onani mmene mbili imatembenukila. Mu 2014 bungwe la Conservation South Luangwa ku Mfuwe, mothandizana ndi Working Dogs for Conservation la ku America, linayamba kuseŵenzetsa agalu onunkhiza pofunafuna minyanga ya njovu, mfuti, zipolopolo ndi nyama ya m'sanga. Mphuno imene kale inali kutsata insa inayamba kutsata wopha insa.

Mmodzi wa agalu oyamba anali Ruger. Anabadwila ku Montana, kumene anapulumuka pamene mwini wake anali kuwombela abale ake. Anakafika ku nyumba yosungilako agalu otayidwa ali waukali, woluma anthu, galu amene palibe banja likanamufuna. Megan Parker wa bungwe lija anaona kuti kusakhazikika kwake kungakhale mphamvu ngati apatsidwa nchito. Malipilo ake sanali nyama koma kuseŵela ndi cidole cake akapeza cinthu. Pa malodibuloko a ku cigwa, Ruger anali kupeza ngakhale kanthu kakang'ono koyatsila wonga wa mfuti ya gogodela, kobisidwa m'bokosi la machisa. Zonsezi anali kucita maso ake akufa pang'onopang'ono. Mu 2016 nyuzipepala ya The Guardian inalemba kuti anali atathandiza kugwila opha nyama pafupifupi 150.

Galu woluma, wosaona bwino, wokanidwa. Kwathu tikanamumangila mwala m'khosi. Koma anthu amene anamutenga anamvetsa zimene alenje akale a kwa Nyampande anali kudziŵa: galu wanchito akasoŵa nchito, kapena akamva kuŵaŵa, khalidwe lake limasintha. Galu wokalamba amene wayamba kuluma nthawi zambili si mfiti. Mwina dzino lamupweteka, mwina mafupa a m'ciuno atha, mwina saona amene akubwela ndipo amadzidzimuka.

Nkhaniyi sinathele ku mudzi. Mu makomboni ndi mu mayadi athu muli agalu amene alondela nyumba zaka khumi ali pa cheni. Akaleka kuuwa, ena amawakweza m'motoka n'kukawasiya ku mseu. Galu woteyo samangovutika yekha. Akasokonezeka ndi agalu oyendayenda alibe katemela, angatenge ciwewe, ndipo amene adzalumidwa ni mwana wa mnansi wanu.

Kusamala galu wopuma nchito sikufuna cuma cambili. Mupatseni malo ouma ogonapo ndi madzi. Nsima yake muifeŵetse ndi msuzi ngati mano atha. Mucotseni nkhupakupa, ndipo akalandile katemela wa ciwewe kwa a vetenale. Uzani ana kuti asamukhudze ali m'tulo, ndipo muzimuitana dzina mukalibe kumugwila. Ngati simungakwanitse, ku Lusaka kuli Lusaka Animal Welfare Society, imene imalandila agalu ndi kuwafunila makomo atsopano.

Makolo anati galu wamkota sakandila pacabe, kutanthauza kuti wamkulu akalozapo pali cinthu. Mukapita ku Petauke pa holide, mukapeza galu wa imvi ku mlomo ali gone pansi pa nkhokwe, musamuponde. Funsani ambuye zimene anacita ali mnyamata. Mudzakhala pansi nthawi yaitali.