Triple jump ya amayi: malamulo ake ndi zimene Rojas anachita ku Budapest

Ngati triple jump imakusokonezani, ndikufotokozereni mwachidule. Wolumpha amathamanga, n'kunyamuka ndi mwendo umodzi n'kutera ndi womwewo, kenako amaponda ndi winawo, n'kumaliza podziponya mumchenga. Phazi likangopyola thabwa lonyamukira, basi, zimenezo siziwerengedwa. Mufainolo aliyense amayesa katatu, ndipo anthu 8 okha amene ali pamwamba ndiwo amapatsidwa mwayi woyesanso katatu.

Fainolo imene ine ndimaikonda ndi ya World Athletics Championships ku Budapest mu 2023. Yulimar Rojas wa ku Venezuela, mwini rekodi ya dziko lonse ya mamita 15.74, zinthu zinamuvuta heve: atayesa katatu anali pa nambala 8, pang'onong'ono kutuluka. Poyesa komaliza analumpha mamita 15.08, n'kulanda golide kwa Maryna Bekh-Romanchuk wa ku Ukraine amene ankatsogola ndi 15.00. Kanali kachinayi motsatizana Rojas kupambana mpikisanowu.

Ku Africa nafenso tili ndi wathu: Françoise Mbango wa ku Cameroon anatenga golide ku Olympics mu 2004 ndi 2008.