Nsapato za Gule wa Akoryak

Kumpoto kwa Kamchatka, kum'mawa kwenikweni kwa dziko la Russia, kuli mtundu wa anthu otchedwa Akoryak. Ena a iwo, Achavchuven, ndiwo abusa a nyama zonga mphalapala. Ena, Anymylan, amakhala m'mbali mwa nyanja, nadya nsomba ndi akatumbu a m'nyanja. Pa kalembera wa 2010 onse pamodzi sanakwane 8,000.

M'dziko lachisanu lotere munthu savina wopanda nsapato, ndipo wosoka nsapatozo ndiye mkazi. Iye amatenga chikopa cha kumiyendo ya mphalapala zija, pakuti ubweya wake ndi waufupi ndi wolimba, nalumikiza zidutswa zoyera ndi zakuda mosinthanasinthana. Kuphazi amaika chikopa cha katumbu wamkulu, ulusi wake ndi mitsempha ya nyama, ndipo m'kati amayala udzu wouma kuti phazi lifunde. Nsapato za gule amazionjezera mikanda ndi mphonje za ubweya wonyikidwa m'madzi a makungwa kufikira utafiira. Tsono wovina akaponda pansi, mphonjezo zimavina naye.

Mikandayo inadza ndi alendo, ndipo alendowo sanadze ndi mtendere. Mu 1697 Vladimir Atlasov analowa m'dzikomo ndi asilikali kukafuna msonkho wa zikopa. Akoryak anakana, nachita nkhondo zaka zopitirira 50.

Gule wamkulu wa anthu a kunyanja ndiye Hololo, wochitika nyengo ya uzimba itatha. Ng'oma yaphwatalala ikalira, ovina amatsanzira akatumbu, akhwangwala ndi mbalame za kunyanja. Sikusewera chabe ayi: akuperekeza mizimu ya nyama zophedwa mwaulemu, kuti zikabwerenso chaka chamawa. Kwa iwo kupeputsa mwambowo kunali kuitana njala.

Mu 1900 ndi 1901 Waldemar Jochelson anakhala pakati pawo, nasonkhanitsa zovala zimene zinapita ku American Museum of Natural History ku New York. Buku lake lonena za Akoryak linatsirizika mu 1908. Anafika nthawi yabwino, pakuti pambuyo pake boma la Soviet linazunza asing'anga, linalowetsa ziweto m'makola a boma, ndi kutseka midzi ina. Koma boma lomwelo linalola magule pa nsanja, ndipo mu 1965 gulu lovina la Mengo linayamba ku Palana. Kumeneko ovina anavalanso nsapato za mikanda, ngakhale oonerera tsopano anali okhala pa mipando, osati alenje obwera kunyanja.