Mabisiketi a mbatata

Mabisiketi a mbatata ndi chakudya chomwera tiyi chopangidwa ndi mbatata yophika n'kuipota, ufa wa tirigu, shuga, majarini ndi baking powder. Nyengo yabwino yowapangira ndi masika, mbatata ikachuluka pamsika. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Chipika ndi Kadyaubwerere, ndiyo yoyenera chifukwa imapereka vitamini A komanso safuna shuga wambiri.

Ambiri amawadula ngati mtima, koma pa Khirisimasi kapena Idi ana amakondwera ndi ooneka ngati nyama. Wopanda chodulira amajambula nyamayo pa katoni, n'kudula ufa wokandawo ndi mpeni motsatira chithunzicho. Chambo ndi kamba zimatuluka bwino. Nyama za miyendo yoonda n'zovuta, poti miyendoyo imapserera thupi lisanapse. Kanthongo ka mtedza kamakhala diso.

Kumadera otentha ngati Senga Bay ku Salima majarini amasungunuka msanga ndipo ufa umamata, choncho ndi bwino kukanda m'mawa.

Mu uvuni amapsa pa 180°C kwa mphindi pafupifupi 15. Pambaula amawotchera mumphika woyala mchenga pansi, makala ena ali pachivundikiro.