Pamene Waya Akumana ndi Mnzake

Kale magetsi asanayake m'chigawo cha Tete, kunadutsa waya wa telegalafu. Kampani ya Cecil Rhodes inamukoka m'zaka za m'ma 1890 kuchokera ku Salisbury, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka ku Blantyre. Amisiri a nthawi imeneyo ankalumikiza waya pomupota: nsonga ziwiri zipingasane, iliyonse ikulunge inzake kangapo mothina, kenako n'kuthirapo mtovu wosungunula. Kapotedwe kotchedwa Western Union kanali ndi ubwino wakuti ukakoka waya, mfundoyo imangothinirathina.

Ndege ndizo zinaonetsa kufooka kwa mtovu. Injini ikamanjenjemera, waya amathyokera pomwe mtovu wathera. Kampani ya AMP, yomwe inayamba ku America mu 1941, inatchuka ndi timitu tachitsulo tolowetsamo waya n'kufinya ndi chopanira, popanda moto, mpaka mkuwa ndi kamutuko zigwirane osasiya mpata wa mpweya.

Damu la Cahora Bassa litatha mu 1974, mawaya ake anachoka ku Songo kupita ku Apollo, ku South Africa, mtunda woposa makilomita 1,400. Mawaya aakulu chonchi sapotedwa ndi manja. Amafinyidwa ndi makina amphamvu. Nkhondo yapachiweniweni inagwetsa nsanja zambiri, ndipo mzerewo unadzatsitsimuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Ku Chidzolomondo, m'chigawo chomwechi cha Tete, nkhaniyi yafika ndi sola. Mlimi akagulitsa fodya kapena kachewere amagula sola ndi batire, koma polumikiza amasenda waya ndi mano, kupota ndi zala, n'kukulunga ndi pulasitiki. Chifunga cha kumapiri kuno chikalowamo, mkuwa umabiriwira, mfundo imatentha, babu n'kumaphethira. Mwini wake amanena kuti batire yatha, chonsecho ili bwinobwino. Zimandiwawa kuona ndalama ya thukuta ikutayika pa kamfundo kochepa ngati chala.

Njira yabwino ndi ya timitu tofinya tija. Tokutidwa ndi pulasitiki tili ndi mitundu: kofiira n'ka waya wosaposa 1.5 mm², kabuluu mpaka 2.5, kachikasu mpaka 6. Pulaya wamba amangophwanya. Chopanira chabwino n'chimene sichitseguka mpaka chitafinya kotheratu. Mmisiri wodziwa ntchito akamaliza amakoka wayayo mwamphamvu, ndipo akasololoka amadula n'kuyambiranso.