Nsambo za Bangwe ndi Kaligo: Mmene Makolo Ankazisankhira

Lero tikwera mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi kuti tikambe za kanthu kamene ambiri sitikalabadira pomvera nyimbo. Kanthuko ndi nsambo. Woimba akatsiriza timatama mawu ake ndi zala zake, koma mwini wake amadziwa kuti nyimboyo inayamba tsiku limene anakhala pansi kusankha chingwe choti akunge pa choimbira chake.

Tiyambe ndi bangwe, amene Achewa a m'mapiri amenewa amamudziwa kuyambira kale. Bangwe ndi thabwa lopepuka lokhala ndi tizibowo kumapeto konse kuwiri. Womuona amawerenga nsambo 7, mwina kuposerapo, koma kawirikawiri chingwe chake chimakhala chimodzi chachitali, chimene mmisiri amachipisa m'bowo, nachibweza, nachipisanso, kufikira mizere yonse itakwana. Pansi pa mzere uliwonse amaikapo kamtengo, ndipo akakasuntha mawu amakwera kapena kutsika. Thabwalo amalilowetsa m'chipanda kapena m'chitini kuti mawu akule. Tsono popeza chingwe n'chimodzi, chikaduka pamalo amodzi bangwe yense amakhala duu. Nayenso kaligo ali ndi nsambo imodzi yokha, yokungidwa pamwamba pa kang'oma kokutidwa ndi chikopa, ndipo amaikwecha ndi kauta kopakidwa utomoni. Pa zoimbira ziwirizi munthu sangasankhe chingwe mwachibwana, pakuti palibe china chomuwombola chikamukhumudwitsa pakati pa nyimbo.

Kale makolo athu analibe sitolo yogulako nsambo. Sitolo yawo inali thengo. Kumeneko ankapeza zomera za ulusi wolimba monga bwazi, naupota pantchafu kufikira utasanduka chingwe chosalala, chofanana kunenepa kwake kuyambira uku mpaka uko. Ena ankakonda mitsempha ya nyama, imene ankaiyanika ndi kuipota. Chilichonse chinali ndi ubwino wake ndi vuto lake. Chingwe cha ulusi chinali chosavuta kupeza, koma chinkayoyoka msanga pamene zala zimakhudzapo. Mtsempha unkalira mokoma, koma sugwirizana ndi chinyezi: nkhungu ikakuta phiri la Ntchisi m'mawa, mtsempha umalefuka ndipo mawu amatsika. Nsambo zoterezi sizinali zaphokoso. Zinkayenera munthu woimba pakhonde madzulo, akudandaula za maliro, za ukwati wovuta kapena za mbale amene anapita kutali.

Ambiri a ife tikamva za chingwe cha khonje timayesa kuti ndicho cha makolo enieni. Koma khonje ndi mlendo. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo anafika kum'mawa kwa Africa m'chaka cha 1893, pamene Ajeremani anayamba kumudzala m'dziko limene lero ndi Tanzania. Atafalikira kuno, anthu anamudzala m'malire a minda, ndipo amisiri anaona kuti ulusi wake ndi wautali, woyera ndi wosavuta kupota. Sanafunse kuti wachokera kuti. Anamuyesa ndi khutu, namulandira.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi waya. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 alimi a ku Dowa ndi Lilongwe anayamba kulima fodya wochuluka wa chikopa, ndipo m'chaka cha 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira ulimiwo. Ndalama za fodya zinabweretsa njinga m'midzi. Amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ndi ku migodi ya ku Johannesburg, nawonso ankabwerako ndi njinga, magalamafoni, mabanjo ndi magitala. Chimodzimodzinso asilikali a King's African Rifles pobwerera kwawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945. Anyamata amene analibe ndalama zogulira banjo anadzipangira awoawo ndi chitini, mtengo ndi chikopa. Nsambo anazipeza mu waya wa mabuleki a njinga, amene ankamumasula kuti atengemo timawaya take tating'ono, ndiponso mu waya wa m'mphepete mwa matayala a galimoto.

Apa panabadwa nzeru zatsopano za kasankhidwe. Kawaya kowonda ndiko ka mawu ang'ono, konenepa ndiko ka mawu aakulu. Waya amene wapita pamoto amafewa ndipo salira bwino. Choncho woti akhale nsambo ndi bwino kumuchotsa m'tayala ndi mpeni kusiyana ndi kuotcha tayalalo. Wadzimbiri amaduka msanga. Waya anapatsa bangwe ndi kaligo mawu akuthwa omveka patali, ndipo sasamala za nkhungu. Koma anadza ndi mtengo wake: amakoka mwamphamvu, amapinda thabwa lofooka, amadya m'mphepete mwa tizibowo, ndipo amatema zala za wophunzira. Wokunga mopyola muyeso anakumbutsidwa mwambi uja wakuti ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika.

Tisayese kuti vuto limeneli linali lathu tokha. Ku Italy kuli choimbira chotchedwa mandola, mkulu wake wa mandolini, chokhala ndi nsambo 8 zoyalidwa ziwiriziwiri. Kale nsambo zambiri za zoimbira za ku Ulaya zinali za matumbo a nkhosa, monga momwe zathu zinaliri za mitsempha. Cha m'ma 1835 mmisiri wa mu mzinda wa Naples, Pasquale Vinaccia, anayamba kuika nsambo zachitsulo cholimba pa mandolini, ndipo anayenera kulimbitsanso thupi la choimbiracho kuti chipirire kukoka kwake. Mpaka lero woimba mandola amayang'ana zinthu zitatu posankha: kutalika kwa choimbira chake, kunenepa kwa nsambo, ndi mphamvu ya mtengo wake. Akaika nsambo zowonda kwambiri, zimakhala zolefuka ndipo zimanjenjemera. Akaika zonenepa kwambiri, khosi la mandola limapindika. Mkulu wa ku Mponela kapena ku Malomo wosankha waya wa bangwe wake amayang'ana zinthu zitatu zomwezi, ngakhale sanaonepo mandola.

Kodi mawu a oimba akale tingawamvenso? M'zaka za 1950 ndi 1958 katswiri wina wojambula nyimbo, Hugh Tracey, anayendera dziko lino ndi makina ake. Pa ulendo wa 1958 anafika ku Visanza, dzina lakale la boma la Ntchisi, najambula nyimbo za Achewa a kumeneko. Zimene anajambula m'Malawi muno, kuphatikizapo nyimbo za bangwe, zikusungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene iye anaiyambitsa m'chaka cha 1954, ndipo kuyambira 1978 ili pa sukulu ya ukachenjede ya Rhodes ku South Africa. Tiyamike kuti zilipo. Koma makina amasunga mawu okha. Sasunga dzanja limene linapota chingwe, ngakhale khutu limene linakana waya uyu n'kuvomera uyo.

Nzeru imeneyo imakhala mwa anthu, ndipo munthu akapita imapita naye kumanda. Mbiri yatisonyeza kuti makolo athu sanakane chatsopano: anachoka pa bwazi kudza pa khonje, pa khonje kudza pa waya, koma nthawi zonse woweruza anali khutu lophunzitsidwa ndi akulu. Tsono inu achinyamata a kwa Chiwere, kwa Msakambewa, kwa Nthondo ndi kwina konse, ngati m'mudzi mwanu muli gogo amene akadali ndi bangwe patsindwi, pitani mukakhale naye pamphasa. Musakangomupempha nyimbo. Mukamufunse kuti chingwe chake anachitenga kuti, anachiyesa bwanji, ndipo anadziwa bwanji kuti chakungika mokwanira. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma amagonera mwa amene anawamva.